"Bambo, Ndisiye Fizikisi?" Ganizani Kawiri Musanavomere

Teremu yatha ndipo mwana wa Fomu 3 wabwera ndi lipoti lake. Bambo akhala pakhonde, avala magalasi nayamba kuwerenga mzere ndi mzere. Chichewa wakhoza bwino, Zaulimi wakhoza bwino, Jogalafe ndiye waposa anzake onse m'kalasi. Koma atafika pa Fizikisi nkhope yawo yagwa, pakuti pamenepo aphunzitsi alembapo ndi inki yofiira. Mwana uja, amene nthawi yonseyi anali chigwadire pambali, ndi pamene akutulutsa mawu amene wawasunga njira yonse: "Bambo, anzanga ambiri Fizikisi anasiya kale. Inenso ndifuna ndisiye, ikungondiwonongera mapointi."

Bambo ayang'ana mayi, mayi ayang'ana pansi. Onse awiri akufunitsitsa kuti mwanayu adzapite ku yunivesite, ndipo kumva kuti mapointi akuwonongeka kwawaopsa. Choncho yankho silichedwa: "Ngati ikukuvuta isiye mwanangu, ulimbikire zinazo." Nkhani yatha nsima isanapole. Koma zotsatira zake zidzaoneka patapita chaka ndi miyezi, tsiku limene mwanayo adzakhale pansi kuti afunsire malo ku yunivesite.

Makolo anzanga, zimenezi zikuchitika m'makomo ambiri chaka ndi chaka, ku Mangochi, ku Nkhotakota, ku Ndirande, ngakhalenso m'mabanja a anthu ophunzira. Cholinga cha nkhani ino si kunena kuti mwana asasiye phunziro lililonse ayi. Nthawi zina kusiya ndi nzeru ndithu. Koma pali dongosolo loyenera kutsata: choyamba tidziwe kumene mwana akufuna kukalowa, kenaka tione maphunziro amene kumeneko amafuna, ndipo pomaliza ndi pamene tingasankhe loti lisiyidwe. Ambirife timayambira kumapeto.

Mapointi amawerengedwa bwanji?

Mayeso a Fomu 4, a MSCE, amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, pamene 9 ndi kulephera. Mapointi amene timawamva aja amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro 6 amene mwana wachita bwino. Mapointi akachepa ndiye kuti mwana wakhoza kwambiri, ndipo 6 ndiye pamwamba penipeni. Chingerezi chili ndi ulemu wakewake, chifukwa wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale zinazo atakhoza motani.

Tsono taonani bwino apa. Ngati mwana walemba maphunziro 8, awiri amene sanachite bwino salowa m'chiwerengero cha mapointi. Choncho mawu aja akuti "Fizikisi ikundiwonongera mapointi" alibe maziko. Giredi 7 ya Fizikisi singasandutse mapointi 14 kukhala 21, malinga mwanayo ali ndi maphunziro ena 6 amene wakhoza bwino. Chimene phunziro lovuta lingadye ndi nthawi yowerenga, ndipo za nthawizo tikambirana kutsogoloku. Koma mantha a mapointi pawokha si chifukwa chokwanira chosiyira phunziro.

Khomo lililonse lili ndi kiyi wake

M'dziko muno muli mayunivesite a boma 6. University of Malawi ili ku Zomba. Kamuzu University of Health Sciences, imene timaitchula mwachidule kuti KUHeS, ndi ya zaumoyo, ndipo MUBAS ya ku Blantyre ndi imene kale tinkaidziwa kuti Polytechnic. Zitatuzi zinali pamodzi mpaka 2021 pamene zinapatukana. Palinso LUANAR, ya zaulimi, imene inachokera ku koleji ya Bunda, Mzuzu University kumpoto, ndi MUST ya ku Thyolo imene inayamba kuphunzitsa mu 2014. Wofuna malo m'mayunivesite amenewa amafunsira kudzera ku bungwe la NCHE, ndipo amasankha makosi angapo motsatana, kuyambira imene akuifuna kwambiri. Mu 2020 boma linalengeza kuti lathetsa kasankhidwe ka kota kamene kankayang'ana boma lochokera.

Lamulo loyamba ndi lakuti mwana akhale ndi makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi. Limeneli ndi khomo la pabwalo chabe. Mukalowa pabwalopo mupeza nyumba zambiri, ndipo nyumba iliyonse ili ndi loko wakewake. Udokotala ndi makosi ambiri a zaumoyo amafuna Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi ndi Masamu. Uinjiniya umayima pa Masamu ndi Fizikisi, ndipo nthambi zake zambiri zimafunanso Kemisitiri. Makosi a zaulimi ndi a ziweto amayang'ana kwambiri Bayoloje, Masamu ndi maphunziro ena a sayansi. Wofuna kuwerengera ndalama kapena kuphunzira za chuma sangathawe Masamu. Wopanda phunziro limene kosi ikufuna salowa ndi mumpikisano momwe, ngakhale mapointi ake atakongola bwanji.

Makolo amene tinalemba mayeso kale tisamalenso pa chinthu ichi. M'masiku athu kunali phunziro limodzi lotchedwa Physical Science. Lero linagawidwa pawiri, Fizikisi payokha ndi Kemisitiri payokha, ndipo lililonse lili ndi mayeso ake ndi giredi yake. Mwana akati "ndasiya Fizikisi koma Kemisitiri ndikupitiriza," tisaganize kuti wangochepetsa mitu ingapo ya phunziro limodzi. Wasiya phunziro lathunthu.

Ana awiri, mapointi awiri

Tiyeni tiyerekeze ana awiri a kalasi imodzi, onse olakalaka kudzagwira ntchito m'chipatala. Woyamba anasiya Fizikisi ndi Kemisitiri ali Fomu 3. Pamayeso wapeza 1 m'Chichewa, 2 mu Jogalafe, 2 mu Histole, 2 mu Zaulimi, 2 mu Bayoloje, 3 m'Chingerezi ndi 4 m'Masamu. Mapointi ake ndi 12. Kumudzi kwaphedwa nkhuku, amalume atumiza ndalama ya nsapato, aliyense akuti udokotala wapezeka.

Wachiwiri anapirira ndi sayansi. Wapeza 2 m'Masamu, 2 mu Bayoloje, 2 mu Zaulimi, 3 mu Fizikisi, 3 mu Kemisitiri, 3 m'Chingerezi ndi 4 m'Chichewa. Mapointi ake ndi 15. Poyerekeza ndi mnzake uja akuoneka ngati wotsalira.

Koma tsiku lofunsira malo likafika zinthu zimatembenuka. Wa mapointi 15 ali ndi ufulu wolemba makosi a zaumoyo, a uinjiniya, a zaulimi ndi a uphunzitsi wa sayansi. Sitikunena kuti adzasankhidwa ku kosi imene akuifuna koposa, chifukwa malo ndi ochepa ndipo okhoza bwino ndi ambiri, koma dzina lake lilowa mumpikisano. Wa mapointi 12 uja ambiri mwa makomo amenewo ndi otseka. Atha kupeza malo abwino ku makosi ena, ndipo amenewo si onyozeka ayi, koma si kumene mtima wake unali. Iyeyu sanalephere mayeso. Anagonja tsiku lija pakhonde, pamene akuluakulu anavomera mosafunsa. Akale anati safunsa anadya phula.

Kodi kusiya phunziro n'kulakwa nthawi zonse?

Ayi. Pali ana ena amene amasenza maphunziro 9 kapena 10, mwina chifukwa chofuna kuoneka anzeru, mwinanso chifukwa makolo amaganiza kuti kuchuluka kwa maphunziro ndiye kukhoza. Mwana wotere amagwira apa nagwira apo, ndipo pamapeto pake amapeza 4 ndi 5 paliponse, m'malo mopeza 1 ndi 2 m'maphunziro amene kosi yake ikufuna. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ku makosi a mpikisano waukulu, kirediti wamba sakwanira, chifukwa anzake amene akulimbirana nawo malo amabwera ndi madisitinkishoni m'maphunziro omwewo. Kwa mwana woteroyo kutula katundu mmodzi ndi chinthu chanzeru.

Komabe tiwerengere bwino phindu lake. Tinene kuti mwana amawerenga maola 3 tsiku lililonse kwa masiku 6 pa sabata. Onse pamodzi ndi maola 18. Akawagawa mofanana pa maphunziro 9, lililonse lilandira maola 2. Akasiya limodzi natsala ndi 8, lililonse lilandira maola 2 ndi mphindi 15. Ndiye kuti phindu lake ndi mphindi 15 zokha pa sabata pa phunziro lililonse, zimene sizingasinthe giredi ya munthu. Kusiyako kumapindula pokhapokha maola 2 opulumutsidwawo aperekedwa onse ku phunziro limodzi lofunika, monga Masamu. Choncho mwana akati akufuna kusiya phunziro kuti apeze nthawi, mufunseni kuti nthawiyo ipita kuti. Ngati alibe yankho, nthawiyo idzathera pa foni ndi pa mpira.

Palinso ngozi ya mbali inayo, yochepetsa maphunziro mopitirira. Mwana amene walembetsa maphunziro 6 okha ali ngati munthu woyenda ulendo wautali pa njinga wopanda chigamba kapena pampu. Akadwala malungo tsiku la pepala limodzi, kapena mafunso akamutembenukira napeza 7, watsala ndi makirediti 5. Satifiketi alandira, koma khomo la yunivesite ya boma latsekeka chifukwa cha phunziro limodzi. N'chifukwa chake aphunzitsi odziwa ntchito salola mwana kutsika kufika pa 6. Pamafunika phunziro limodzi kapena awiri apadera ogwira mwana akaterereka. Ndipo phunziro limene mwana amalikhoza mosavutikira, kaya ndi Chichewa, Zaulimi kapena la chipembedzo ndi makhalidwe, lisatayidwe mopepuka poti "silipita kulikonse." Limenelo ndi limene lingadzamupatse kirediti wachisanu ndi chimodzi.

Funani chifukwa chenicheni

Mwana akanena kuti phunziro ndi lovuta, kawirikawiri pamakhala nkhani ina pansi pake. Sing'anga wabwino sadula mwendo asanaone chimene chatupitsa.

Ana ambiri amene amadandaula Fizikisi, vuto lawo lenileni ndi Masamu a Fomu 1 ndi 2. Sadziwa kutembenuza fomula, amasokonezeka ndi mafulakishoni, sadziwa kusintha magalamu kukhala makilogalamu. Mwana wotere akasiya Fizikisi vutolo silichoka, limangomudikirira m'pepala la Masamu, limene sangalisiye. Koma akathandizidwa kwa teremu imodzi pa zinthu zimenezi, maphunziro onse awiri amakwera pamodzi.

Ena nkhani yake ndi mphunzitsi. Anakalipiridwa pamaso pa anzake, kapena mphunzitsiyo amathamanga, mwana n'kuyamba kudana ndi phunziro lonse. Ena akungotsatira anzawo, poti gulu lonse la ku hositelo lasiya. Ndipo ana aakazi ambiri amauzidwa, nthawi zina ndi ife makolo omwe, kuti sayansi ndi ya anyamata. Mawu amenewa ndi abodza, ndipo atiwonongera ana ambiri. Tonsefe timafuna kuti mayi athu ndi alongo athu akapita ku chipatala akapeze madokotala ndi anamwino achizimayi. Nanga adzachokera kuti ngati ana athu aakazi tikuwachotsa m'kalasi ya Kemisitiri ali Fomu 3?

Palinso vuto limene si la mwana konse. Masukulu ambiri oyendera a m'midzi alibe labotale yokwanira, ena alibe mphunzitsi wa Fizikisi kapena Kemisitiri, chonsecho mayeso a sayansi ali ndi gawo lochita ndi manja, limene ana amalitcha mapulakitiko. Apa kholo lisamuimbe mlandu mwana. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu mukafunse ngati pali mgwirizano ndi sukulu yoyandikana imene ili ndi zipangizo. Kambiranani m'komiti ya makolo. Ngati mwanayo ali ndi mphatso yooneka, monga mmene zotsatira zake za JCE zingasonyezere, banja likhale pansi, amalume ndi azakhali omwe, lione ngati n'kotheka kumusamutsira ku sukulu ina nthawi ikadalipo. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso oyenera kufunsa musanavomere

Funso loyamba: mwanawe, ukufuna kudzakhala ndani? Musalandire yankho limodzi lokha. Mwana wa zaka 16 maganizo ake amasintha, ndipo amene lero akuti ulooya mawa atha kunena kuti unamwino. Atchule ntchito zitatu kapena zinayi zimene amazilakalaka, ndipo zilembedwe papepala.

Funso lachiwiri: kodi makosi a ntchito zimenezo amafuna maphunziro ati? Yankho lake lisachokere kwa mnzake wa m'kalasi kapena kwa achimwene amene analemba mayeso zaka 10 zapitazo, chifukwa zofunikazi zimasintha. Chaka chilichonse NCHE imatulutsa chikalata cha makosi onse ndi maphunziro amene kosi iliyonse ikufuna, ndipo chimapezeka pa intaneti. Pezani chatsopano, mwana awerenge mokweza, inu mukumva. Phunziro lililonse limene latchulidwa pa kosi ngakhale imodzi mwa zimene mwana walemba zija, limenelo lisakhudzidwe. Chitaninso chimodzimodzi ndi makoleji a unamwino, a uphunzitsi ndi a ntchito zamanja, pakuti nawonso ali ndi maphunziro amene amafuna.

Funso lachitatu: akasiya, atsala ndi maphunziro angati, ndipo mwa amenewo ndi angati amene tikukhulupirira kuti adzapeza kirediti? Werengani mosadzinamiza, poyang'ana malipoti a materemu angapo, osati limodzi lokha. Ngati chiwerengero chikuthera pa 6 ndendende, kusiyako n'koopsa.

Funso lachinayi: aphunzitsi akuti chiyani? Kholo lipite lokha ku sukulu, lisangotuma mwana. Funsani mphunzitsi wa phunzirolo kuti, "Aphunzitsi, mwana wathuyu akulephera pati kwenikweni, ndipo akalimbikira mukuona kuti angafike pa giredi yanji?" Funsaninso mphunzitsi wamkulu ngati malamulo a sukuluyo amalola kusiya phunzirolo, ndi tsiku limene kalembera wa mayeso a MANEB adzatsekedwe. Kalemberayu amachitika miyezi yambiri mayeso asanayambe, ndipo phunziro limene mwana sanalembetse sangalilembe.

Funso lachisanu: kodi tayesa kuchiza tisanadule? Gwirizanani ndi mwana kuti apirire teremu imodzi. M'teremu imeneyo apeze mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, alowe m'gulu la anzake awiri kapena atatu olimbikira, ndipo kunyumba achepetseredwe ntchito zina, makamaka mwana wamkazi amene nthawi zambiri amatunga madzi, kuphika ndi kulera ang'ono ake pamene mlongo wake akuwerenga. Teremu ikatha onaninso lipoti. Ngati wakwera, ngakhale pang'ono, apitirize. Ngati palibe kusintha ndipo phunzirolo silikufunika pa kosi iliyonse imene walemba, apo musiyeni alisiye ndi mtima woyera, popanda kumunyoza.

Kubwerera m'mbuyo n'kodula

Ena amati, "Akadzalifuna adzalemba chaka china." N'zoona kuti njira imeneyi ilipo. Munthu atha kulowa sukulu ya openi, kuphunzira phunziro limene anasiya n'kulembanso mayeso. Ambiri adutsa mmenemo ndipo lero ali pa ntchito zabwino. Koma njirayi ndi yamtengo wapatali. Ntchito ya zaka ziwiri, ya Fomu 3 ndi Fomu 4, iyenera kupanikizidwa m'chaka chimodzi, kawirikawiri popanda labotale. Banja liyenera kupezanso ndalama ya sukulu ndi ya mabuku pamene ang'ono ake nawonso akudikira. Ndipo chaka chokhala pakhomo chili ndi mayesero ake. Mnyamata amayamba kumva za anzake amene apita ku Joni, mtsikana amayamba kufunsiridwa, ndipo ena sabwereranso m'kalasi. Kupirira teremu imodzi lero n'kotchipa kuposa kubweza chaka chathunthu mawa.

Tisaiwalenso kuti mlandu umenewu mwini wake ndi mwana. Ife makolo tili ndi maloto athu, ndipo nthawi zina timakakamiza mwana kusenza sayansi chifukwa choti tikufuna kudzatchedwa bambo ake a dokotala, chonsecho mphatso yake ili m'zilankhulo, m'mbiri kapena m'malonda. Dziko likufunanso aphunzitsi, atolankhani, oweruza milandu ndi oyendetsa maofesi. Kukakamiza mwana kusunga phunziro limene sadzaligwiritsa ntchito, mpaka ligwetse ena onse, ndi kulakwa kofanana ndi kumulola kutaya limene adzalifune. Udindo wathu ndi kuonetsetsa kuti akusankha akudziwa chimene akutseka ndi chimene akutsegula.

Tibwerere pakhonde paja. Mwana wagwada, wanena mawu ake, ndipo akudikira. Yankho labwino usiku umenewo si "isiye," komanso si "usayerekeze." Bambo apinde lipotilo nanena kuti, "Ndamva mwanangu, ndipo wachita bwino kundiuza. Tenga pepala ulembe ntchito zimene ukuzifuna. Mawa tipeze chikalata cha makosi tiwerenge pamodzi ndi mayi ako, ndipo sukulu ikatsegulira ndipita nawe kwa aphunzitsi ako. Tikamva zonsezo ndi pamene tidzagamule." Kuchedwa kwa masabata awiri kapena atatu sikungawononge kanthu, ndipo mwanayo adzadziwa kuti nkhani ya sukulu yake kunyumba kwawo saitenga mwachibwana.